Usatsegule Katoniyo Mwana Ali Pafupi

Wokondedwa mwana wanga,

Ndine mayi ako, amene akuti chaka chino ndakwanitsa zaka 78, ngakhale mawondo akunena zoposa pamenepo. Dzanja likulembali ndi la atelala, anansi athu aja a kuseri kwa mpanda, koma mawu onse ndi anga. Ndawauza kuti asakometse kanthu.

Kaya muli bwanji kumeneko? Bambo a mwana ali bwanji, chifuwa chija chinawasiya? Nanga kamdzukulu kanga? Ndamva kuti tsopano kakukwawa nyumba yonse, chilichonse kapeza n'cha m'kamwa. Kuno ine ndikudzuka ndithu. Za ena ndikuuza pang'onopang'ono.

Kalatayi akupatsa ndi adalaivala a lole, ndipo adalaivala omwewo atsitsa katoni yoboola m'mbali. M'katonimo muli kagalu, mphatso yochokera kwa mlongo wako. Chonde usaitsegule mwana ali pafupi. Iike pamthunzi, adalaivala uwapatse mpando, ndiye uwerenge mpaka kumapeto. Pa foni sindikanatha, chifukwa ndikamayankhula nawe mlongo wako amaima pamutu panga, komanso foni imafuna munthu wa lilime lothamanga.

Ndiyambira patali, umandidziwa.

Akuba atathyola shedi ya mlongo wako n'kunyamula makina ake owotcherera, iye analumbira kuti agula galu woti munthu akangomuona aiwale chimene wabwerera. Anthu anamulozera kwa mayi wina woweta agalu, kutsidya kwa njanji, amene onse amangomutcha Amafunso. Ine ndinapita nawo, poti ndinkafuna kuwongola miyendo.

Tinapeza make wa tiagalu atagona pachiguduli pakhonde, ana akumukwera pamsana ndi kumukoka makutu, iye akungoyasamula. Bambo wawo, chigalu chachikulu ngati mwana wa ng'ombe, anabwera kudzanunkhiza mapazi anga, kenaka n'kukagona pakhomo. Pamalopo panali posesa, mbale zotsuka.

Mayiyo anayamba. Mpanda muli nawo? Ana alipo pakhomo? Galu azigona pati? Masana azikhala pati? Mlongo wako anati pa unyolo, nanga galu amakhalanso pati. Mayiyo anati tiana take sitichoka tisanasiye kuyamwa ndi kubayidwa katemera, ndipo galu woti akakhale pa unyolo dzuwa lonse iye sagulitsa. Anatinso amene watenga galu kwa iye, zikamukanika, azibweza kwa iye yemweyo, osati kutaya.

Mlongo wako magazi anakwera. Anati iye wabwera kudzagula galu, sanabwere kudzafunsira mkazi. Mayiyo anaseka, akuti ofunsira mkazi amabwera ndi ulemu woposa pamenepa. Tinatuluka chimanjamanja, mlongo wako akutukwana njira yonse.

Pafupi ndi pokwerera mabasi tinapeza bambo wina amene amamutcha Wamakatoni, atakhala pamwala, tiagalu tili m'katoni padzuwa. Tinali tokongola, mwana wanga, timapazi tonenepa, timaso tisanayere bwino. Chikomekome cha nkhuyu. Ine ndinafunsa kuti make ali kuti. Anati make ndi mkango, agogo, mukamuona simugona mwezi wathunthu, n'chifukwa chake saonetsa anthu. Mawu amenewo mlongo wako anamukomera ngati uchi. Sanafunsenso kanthu, ndipo Wamakatoni naye sanamufunse kanthu.

Chimene anamupatsa ndi malangizo. Akuti kagaluko akakaike mumgolo wachitsulo, avundikire, asiye timabowo topumira. Munthu asakagwire, asakaitane, asakasekerere. Ndipo akamadutsa azimenya mgolowo ndi chitsulo, kuti mtima wake uwire. Akuti galu woleredwa ndi manja amagulitsa mbuye wake ndi fupa limodzi.

Mlongo wako anachita zonsezo, poti migolo ndi zitsulo pashedi pake sizisowa. Akamapita kukawotcherera, ngwee! Akamabwera, ngwee! Mkatimo kagalu kankalira ngati khanda latenthedwa. Mkazi wake, mlamu wako, anadandaula, akuti makasitomala ake odzalukitsa tsitsi akuthawa phokoso ndi kulirako, komanso ndi tchimo. Iye anati akazi mumafuna chitetezo koma simufuna kuona m'mene amachiphikira. Ine ndinanena kangapo, anati amayi inu za agalu munaziphunzira kuti.

Kenaka kulira kuja kunasiya. Mgolo ukalira, mkatimo zii.

Atakatulutsa kanali katakula, ndipo anakatcha Sindifunsa. Atelala atamva dzinalo anati achimwene, muzikumbukira kuti safunsa anadya phula. Galuyo sankauwa. Sankagwedeza mchira. Ankangoima kumapeto kwa unyolo, mutu pansi, maso pa iwe. Atelala ankati galu wosauwa ndi munthu wosaseka amawaopa chimodzimodzi.

Woyamba anali mphaka wa atelala omwewa. Anadutsa pafupi, ndipo tisanaphethire anali zidutswa ziwiri. Kenaka nkhuku za anansi, osati kudya ayi, kungothyola makosi n'kusiya. Kenaka bambo wowerenga mita ya madzi, amene anang'ambidwa thalauza ndi mnofu wokhalira, mpaka anathawa atasiya nsapato imodzi. Mlongo wako tsiku limenelo anaseka mpaka misozi, akuti tsopano madzi tizimwa aulere. Ngakhale pamene galuyo anamuluma mwini wake pachala pomupatsa chakudya, anangoyamwa magaziwo n'kunena kuti ameneyu ndiye galu.

Tsopano ndafika pamene anakunamiza. Anakuuza pa foni kuti mlamu wako anagwera pa malata. Mwana wanga, sanali malata.

Unali m'mawa, dzuwa litakwera pang'ono. Mlamu wako anachapa, akupita kukayanika, beseni lachitsulo lili m'chiuno. Ine ndinali pampando wanga pakhonde, ketulo ili pambaula pafupi nane. Iye anaterereka pa madzi a sopo, beseni n'kugwera pasimenti. Linalira ngati mgolo uja.

Galu anadumpha kamodzi kokha, lamba wa m'khosi n'kuduka. Sanauwe. Ndinangomva zikhadabo pasimenti.

Anamugwira pakatumba wa mwendo n'kumugwetsa chagada. Mlamu wako anakuwa kuti amayi, amayi! Galuyo anasiya mwendo n'kulunjika pakhosi. Mwana wa eni ake anaika mkono wamanja pakhosipo, galu n'kuutenga mkonowo, n'kuyamba kupukusa mutu uku ndi uku ngati akung'amba chiguduli. Ndinamva fupa likulira. Phokoso limenelo mpaka lero likundibwerera ndikamva munthu akuthyola nkhuni.

Ine sindidziwa kuti ndinafika bwanji pomwepo. Ndinamumenya ndi ndodo yanga pamsana, pamutu, mpaka ndodo inathyoka. Sanatembenuke n'komwe. Ndinabwerera chokwawa kukatenga ketulo, ndinamuthira madzi owira pamsana, ena n'kumuthira mlamu wako paphewa. Ubweya unanunkha, khungu linasupuka, koma mano sanasiye. Zovala zochapa zija zinali mbwee pansi, zonse zofiira.

Atelala anakwera pampanda akukuwa mpaka mawu anatha. Mlongo wako anatulukira kuchokera kushedi, magalasi owotcherera ali pamphumi, chitsulo chili m'manja, chomwe chija ankamenyera mgolo. Anamenya msana, miyendo yakumbuyo inagwa. Galu sanasiye. Anamenya mutu, anamenyanso, anamenyabe, akutchula dzina la mkazi wake, mpaka mutu wa galu unaphwanyika. Ngakhale atafa, nsagwada zinali zitakanirira. Anachita kulowetsa chitsulo pakati pa mano n'kukanula kuti mkono utuluke.

Tinamukulunga m'nsalu yoyala pabedi, tinamunyamulira pa galimoto ya anansi. Kuchipatala adokotala anafunsa ngati galuyo anabayidwapo katemera wa chiwewe. Mlongo wako anati ayi. Ndiye pamwamba pa kusoka, pamwamba pa chikhakha, panabweranso majakisoni. Moyo wake ulipo, tithokoze Mulungu. Koma zala za dzanja limenelo sizikupindika, ndipo iwe ukudziwa kuti zala zimenezo ndi zimene zinkaluka tsitsi. Makasitomala amabwera kudzamuona, amakhala pang'ono, n'kupita kukalukitsa kwina. Iye amangoyang'ana mitu yawo.

Mlamu wako atatuluka m'chipatala, mlongo wako anatenga chitsulo chija n'kuuyamba ulendo. Ine ndinadziwa kumene akupita. Ndinatenga mpini wa tsache m'malo mwa ndodo, ndinawakoka atelala, tinamutsatira.

Wamakatoni amakhala kuseri kwa malo ophwasulirako magalimoto akufa. Fungo linatilandira tisanaone chipata. Agalu anali m'magalimoto opanda matayala, ena m'mafiriji akale ogonekedwa chagada, ena m'migolo. Pansi ponse ndowe ndi ntchentche. Mbale ya madzi sindinaione ngakhale imodzi.

Ndinamuona mkango uja. Anali pansi pa chigoba cha minibasi, pa unyolo waufupi ngati mkono wanga. Nthiti zonse panja, mawere akukhwekhwereza pansi, diso limodzi lophulika, nkhupakupa m'makutu ngati mikanda. Atatsegula kukamwa ndinaona usinini wokhawokha. Mayi wina wogulitsa makala pafupipo anatinong'oneza kuti mano anachita kumugulula, chifukwa ankaluma akamamulanda ana. Akuti akangouma mawere amamukweretsanso, ndipo wokwerayo ndi mwana wake yemwe, wa bere loyamba. Anatilozera. Chigalucho chinali chikuzungulira pamalo amodzi, chikudziluma mwendo wake womwe mpaka fupa kuonekera.

Amenewo ndiwo makolo a Sindifunsa. Amenewonso ndiwo makolo a kagalu kali pakhomo pakopo.

Mlongo wako anamuuza Wamakatoni zimene zachitika. Iye anaseka, akutokosa m'mano. Akuti bwana, munafuna galu woopsa, ndinakupatsani galu woopsa, mukanafuna nkhosa mukananena. Akuti mkazi wanuyo ndiye wosasamala.

Chitsulo chinakwera m'mwamba. Ine ndinadzikoleka pamkono pake ndi thupi langa lonse, ndinati upha munthu, mkazi wako adzasamalidwa ndi ndani iwe uli kundende. Chitsulo chinagwa, koma zibakera zinatsala. Anamugwetsera m'ndowe zija, anamukhalira pachifuwa, anamumenya mpaka mphuno inapindika. Wamakatoni anatola botolo n'kumutema nalo mlongo wako pamwamba pa diso. Agalu onse anali akudziguguda m'mafiriji ndi m'migolo, malo onse akulira. Atelala anataya nsapato, ine ndinagwa chokhala. Amene anawalekanitsa ndi amuna ophwasula magalimoto pamalopo.

Wamakatoni atadzuka, magazi ali chuchuchu, anakwawira pansi pa minibasi n'kutuluka ndi kagalu atakagwira pachikopa cha pakhosi. Make anadzikoka mpaka pothera unyolo, akulira ndi kukamwa kopanda mano, iye n'kumuponda m'nthiti. Kagaluko anakaponya pamapazi pa mlongo wako. Akuti tengani aka kalowe m'malo, nkhani ithe, mukakasiya kalowa m'thumba ndi mwala, kukagona m'ngalande ngati anzake otsala.

Mlongo wako anakatola. Ndinamuona akulira, magazi ndi misozi zikutsikira pamodzi. Usamuyese chilombo, mwana wanga. Anakatola chifukwa cha chisoni.

Koma kunyumba mlamu wako atangomva kulira kwa kagalu, anadzitsekera kuchipinda, akuti asankhe, iye kapena galu. Apa m'pamene mlongo wako anakumbukira kuti iwe wakhala ukunena kuti ukufuna kagalu koti kakulire limodzi ndi mwana. Anati basi, zatheka. Akuti cholakwa chinali mgolo, ndipo kwa iwe kulibe mgolo, kuli kapinga ndi chikondi.

Mwina mbali ina akunena zoona. Ine sindinapite kusukulu, sindingathe kugawa kuti apa ndi magazi, apa ndi mgolo. N'chifukwa chake tsiku lina iye ali kushedi, ine ndi atelala tinakakulunga kagaluko n'kupita nako kwa Amafunso.

Mayiyo sanatinyoze, sananene kuti ndinakuuzani. Anafunsa kaye za mlamu wako. Kenaka anakaika kagaluko pansi pakati pa tiana take. Take tija tinathamanga kudzakanunkhiza, iko kanauma gwa ngati mtengo, kenaka kanagwira kamodzi pakhosi mpaka anachita kukanula. Anagwetsa supuni pasimenti. Take tinangocheuka n'kupitiriza masewera. Aka kanadzikodzera, kanathawira pakona, ndipo mayiyo atatambasula dzanja kanaluma chala n'kukanirira, osalira, osauwa. Ine kalumidwe kameneko ndinali nditakaonapo.

Anati kagalu kamaphunzira kwa make ndi kwa abale ake kuti kuluma kumapweteka, ndiye aka kanalandidwa kasanaphunzire, ndiponso kanayamwa mantha. Anati mimba yake yotupayo ndi njoka za m'mimba, zimene mwana wokwawa angatole pansi. Anati iye angakatenge, akapatse mankhwala, akaike kwa galu wake wamkazi wokalamba amene amalera ana a eni. Mwina kadzakhala galu wabwino wa munthu wamkulu wodziwa agalu, mwinanso ayi, iye salonjeza. Koma m'nyumba ya mwana wokwawa, akuti ngakhale mutamugwadira sangalole.

Ndinamuuza mlongo wako zonsezi. Anakalipa, akuti iye sangamupatse mayi amene anamuchititsa manyazi uja ngakhale utitiri wa galu wake. Akuti ine ndikufuna anthu onse adziwe kuti mayi uja ankanena zoona. Ndinati anthu akudziwa kale, akuona mkono wa mkazi wako. Anatuluka n'kumenyetsa chitseko. Lero wabwera ndi katoni, waboola mabowo, wapangana ndi adalaivala. Mphamvu zolimbana naye ndilibe, ndodo yomwe ndilibe. Chimene ndatsala nacho ndi pakamwa panga ndi dzanja la atelala.

Ndiye pempho langa ndi ili. Adalaivala akatsitsa katundu wawo abwereranso kuno, ndipo ndawapempha, avomera kubwera nako. Akakafikitsa kwa Amafunso, osati kunyumba kuno. Iwe kapatse madzi ndi chakudya panja, mwana ali m'nyumba chitseko chotseka, ukatero usambe m'manja ndi sopo. Usakalowetse ngakhale usiku umodzi. Ndikukudziwa, ukakaona timaso mtima wako usungunuka, uyamba kunena kuti n'kakang'ono, kalakwa chiyani. Sikanalakwe kanthu, n'zoona. Ngakhale Sindifunsa sanalakwe kanthu pamene ankalowa mumgolo. Kukabweza si kukataya, ndi kukapititsa kumene kuli manja okadziwa.

Galu ndikufuna mwana akhale naye, sindikukaniza. Koma ukamufune kwa munthu amene akulowetse pakhomo pake, uone make ndi maso ako, umugwire, uone pamene amagona ndi m'mene amayang'anira anthu. Wogulitsa akakuuza kuti make saoneka, tembenuka. Akakuchulutsira mafunso mpaka kukutopetsa, khala pansi uyankhe, ameneyo ndiye akuganizira mwana wako.

Mlongo wako akadzamva kuti katoni yabwerera, adzadziwa kuti ndi ine. Mwina adzasiya kundiyankhula, mwina adzati ndichoke pakhomo pake ndipite kwa iwe. Zimenezo ndi zanga, usazilowerere, ndipo usamutukwane pa foni. Munthu amene amamuveka mkazi wake bulauzi m'mawa uliwonse chifukwa mkaziyo sangathe kumanga mabatani, chilango ali nacho kale.

Mlamu wako akudziwa kuti ndikulemba. Wakhala pomwe pano, mkono uli pamiyendo. Ndamufunsa ngati ali ndi mawu, wati ndikuuze chonchi: iye anali ndi mkono woika pakhosi, nanga mwana wokwawa adzaikapo chiyani?

Adalaivala aliza hutala panja, ndilekere pomwepa. Mulungu akusungeni nonse, atchinjirize pakhomo panu. Undiperekere moni kwa bambo a mwana ndi kwa apongozi ako, uwauze kuti ndimawakumbukira. Kamdzukulu kanga ukapsompsone pamphumi. Atelala akuti moni, akutinso dzanja lawo latopa.

Undiyankhe kudzera kwa adalaivala omwewa, kalatayo aipereke kwa atelala. Ngakhale mizere iwiri yokha, ndingodziwa chimene wachita. Mpaka nditamva, tulo sindiliona.

Ndine mayi ako,
amene anakubala ndipo sanakunamizepo.